Edmonton kapena Florida: chikho cha Stanley chipita kuti Lolemba?

Loweruka, 22 June 2024

Bambo a Tadala (Edmonton):
Mwadzuka bwanji nonse? Aja munkandiseka sabata yatha timu yathu ya hockey ya pa ayezi, Edmonton Oilers, itagonja katatu kotsatizana ndi Florida, tulukani poyera tikuoneni. 8-1, kenako 5-3, dzulo 5-1. Pano zili 3-3 ndipo Lolemba tikukatenga chikho ku Florida komweko. Aliyense alembe kulosera kwake masewero asanayambe, pasadzapezeke wina Lachiwiri akuti ine ndinkadziwa kale.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Tadzuka bambo, ngati kumeneku n'kudzuka. Mahutala a magalimoto analira mpaka pakati pa usiku, mwana sanagone. Lembani timu ndi zigoli zomwe, ine ndikusunga.

Chikondi (Calgary):
Florida 3-1. Musandifunse chifukwa. Munthu wokhala ku Calgary sangachemerere Oilers ngakhale mutamulipira.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Achemwali, ndiye mwayamba kuchemerera Tkachuk wa Florida, yemwe uja anathawa timu yanu ya Calgary mu 2022?

Chikondi (Calgary):
Anatithawa inde. Koma akakulizani inu Lolemba ndimukhululukira zonse kkkk.

Yamikani (Lilongwe):
Akuluakulu, ine kuno ndimangoona zithunzi zanu mutavala malaya a orenji. Masewerowa ndawapeza pa pulogalamu yobetchera ya pafoni, koma chondidabwitsa n'chakuti ma odds a matimu onse awiri ndi pafupifupi ofanana. Zikutheka bwanji timu yakwapula inzake katatu kotsatizana ndi zigoli zochuluka chonchi koma osaiika patsogolo? Ndiuzeni kaye mmene zimayendera ndisanataye K5,000 yanga.

A Mwale (Winnipeg):
Mphwanga, imva bwino. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, muli matimu 32, timu iliyonse imasewera masewero 82, kenako matimu 16 amalowa mu playoffs. Mmenemo matimu awiri amakumana mobwerezabwereza mpaka ina itapambana kanayi. Ndime zilipo zinayi, ndiye kuti wotenga chikho ayenera kupambana ka 16. Florida inachotsa Tampa Bay, Boston ndi New York Rangers. Edmonton inachotsa Los Angeles, Vancouver ndi Dallas. Pano atsala awiriwa, aliyense wapambana katatu, ndiye Lolemba ndi tsiku lomaliza, palibenso mawa. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Akalepherana amapitiriza mpaka wina atagoletsa, kulibe zomenya mapenate mu playoffs. Ukamabetcha uonetsetse zimenezi, chifukwa kubetcha kwa mphindi 60 zokha ndi kwina, kophatikiza nthawi yoonjezera ndi kwina. Ukhoza kulosera bwino wopambana ndalama n'kupita.

Yamikani (Lilongwe):
Zikomo madala. Nanga ayamba nthawi yanji kuno?

A Mwale (Winnipeg):
Ku Florida 8 koloko madzulo, ku Edmonton 6 koloko. Kwanuko ikhala 2 koloko usiku, kucha kwa Lachiwiri.

Limbani (Toronto):
Yamikani, funso lako ndi labwino kuposa kulosera konse kumene tilembe pano. Anthu oika ma odds aja sagwira ntchito ndi mtima. Akaika matimu mofanana akutanthauza kuti sakudziwa, ndipo sachita manyazi kunena choncho.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, poti masewero oyambirira ambiri pano sitinawaonere bwino. Achiwiri aja anachitika pa 10 June, tsiku limene ndege ya malemu a Chilima inasowa, mitima ya tonse inali ku Chikangawa. Masewero oyamba, pa 8 June, Edmonton inaponya puck (kampira ka hockey) ku golo ka 32, Florida ka 18 kokha. Zotsatira? Florida 3, Edmonton 0. Goloboyi wa Florida, Bobrovsky, anagwira zonse. Amene anangoona zigoli anati Edmonton ndi yofooka, pamene tsiku limenelo inasewera bwino kuposa Florida. Masewero atatu oyamba zigoli zinali 11-4 kukomera Florida, ndipo aliyense ankati zatha. Atatu otsatira 18-5 kukomera Edmonton, ndipo aliyense akutinso zatha, kungoti mbali yasintha. Osewera ndi omwewo, aphunzitsi ndi omwewo. Ngati 11-4 sinatiuze chilichonse za masewero achinayi, n'chifukwa chiyani tikukhulupirira kuti 18-5 itiuza za achisanu ndi chiwiri?

Komanso pa zigoli 18 zimenezo, zitatu zinalowa golo ili yopanda munthu, Florida itatulutsa goloboyi kumapeto kuti iwonjezere wosewera kutsogolo. Chimodzi pa 5-3 paja, ziwiri dzulo.

Bambo a Tadala (Edmonton):
A Limbani, inu ndi manambala anuwo simunalowepo mu Rogers Place. Dzulo ndinali panja pa bwaloli, pamene amaika makanema akuluakulu. Hyman atathamanga yekha n'kugoletsa chachitatu chija, mzungu wina wachikulire amene sindimudziwa anandikumbatira akulira, mowa wake wonse unathera pa jekete langa. Mukuti zimenezo sizifika kwa osewera? Anyamata a Florida akuoneka m'maso kuti ali ndi mantha. Anali ndi mipata itatu yotengera chikho, yonse ataya. Chikho chakhala chikuyenda nawo m'bokosi, ku Edmonton, ku Florida, ku Edmonton, osatsegulidwa. Munthu sugona bwino zikatero.

Limbani (Toronto):
Phokoso la ku Rogers Place silikwera ndege, achimwene. Lolemba akusewera ku Sunrise, ku Florida, mtunda wopitirira makilomita 4,000.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Likwera. Anthu akugula matikiti ngati alibe ngongole za nyumba. Ndipo masewero achisanu aja tinapambana konko.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Bambo a Tadala, zigoli.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Edmonton 4-2. Kaputeni wathu McDavid chimodzi, Draisaitl ziwiri chifukwa mu ndime ino sanagoletsebe, ngongole yake yakula.

Chikondi (Calgary):
Taonani maganizo a masapota. Munthu akamagoletsa, ndiye kuti watentha, agoletsanso. Akapanda kugoletsa, ndiye kuti nthawi yake yakwana, agoletsa. Kulikonse Edmonton yapambana basi.

A Mwale (Winnipeg):
Ine ndilankhule za mbiri, chifukwa zina ndinaziona ndi maso. Mu mbiri yonse ya NHL, matimu anayi okha ndi amene anagonjapo katatu koyambirira n'kudzapambana ndime yonse: Toronto mu 1942, New York Islanders mu 1975, Philadelphia mu 2010 ndi Los Angeles mu 2014. Pa anayiwa, mu ndime yomaliza ndi Toronto yokha, itakumana ndi Detroit nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Patapita zaka zitatu, mu 1945, Detroit inafuna kubwezera. Inagonja katatu, n'kupambana katatu, ndendende mmene yachitira Edmonton, koma tsiku lomaliza inagonja 2-1. Ndiye amene akufuna kutsamira mbiri asankhe yekha, 1942 kapena 1945.

Chinanso, chikhochi sichinabwere ku Canada chichokereni 1993 pamene Montreal inatenga. Vancouver inafika kumapeto mu 1994 ndi 2011, Calgary mu 2004, Edmonton mu 2006, Ottawa mu 2007, Montreal mu 2021. Onse anabwera chimanjamanja. Ndipo zinayi mwa zimenezi zinathera pa masewero achisanu ndi chiwiri ngati awa: 1994, 2004, 2006 ndi 2011.

Chikondi (Calgary):
Za 2004 musazikumbutse madala. Anthu kuno mpaka lero amalumbira kuti puck ya Gelinas wa Calgary inadutsa mzere wa golo pa masewero achisanu ndi chimodzi. Ndinabwera kuno zitachitika kale, koma odwala okalamba ku ntchito amandifotokozera ngati maliro a dzulo.

Yamikani (Lilongwe):
Ndiye kuti matimu a ku Canada analodzedwa?

Limbani (Toronto):
Matimu a ku Canada alipo 7 pa 32, nkhani yake yayambira pomwepo. Komanso Connor McDavid anabadwa mu 1997. Zimene zinachitika mu 1994 sizikhudza ndodo yake. Madala a Mwale andikhululukire, mbiri imakoma kumva, koma pa kulosera ntchito yake ndi yochepa. Onani iyi: ndime yomaliza yafikapo pa masewero achisanu ndi chiwiri ka 17, ndipo timu yosewera pakwawo yapambana ka 12. Ukamva zimenezo uti Florida. Koma katatu komaliza kapambana ndi alendo, Pittsburgh ku Detroit mu 2009, Boston ku Vancouver mu 2011, St. Louis ku Boston mu 2019. Ukamva zimenezo uti Edmonton. Zonse ndi zoona. Munthu amayamba wasankha timu, kenako n'kukatola nambala yomukomera.

A Mwale (Winnipeg):
Palibe chokhululukirana, mwana wanga, wanena zomwe ndimafuna kunena ndi 1942 ndi 1945. Koma pali chinthu chimodzi cha pakwawo chimene si mbiri, ndi lamulo. Masewero akaima, timu yoyenda imayamba kutulutsa osewera ake pa ayezi, mphunzitsi wa pakhomo n'kuona kaye, kenako n'kusankha oti athane nawo. Mu hockey osewera amasinthana pafupipafupi, munthu sakwanitsa ngakhale mphindi imodzi asanabwerere pa benchi, ndiye mwayi umenewu umabwera kambirimbiri usiku umodzi. Mphunzitsi wa Florida, Paul Maurice, akaona McDavid watuluka, atulutsa Barkov ndi Forsling. Barkov ndi amene wapatsidwa mphoto ya Selke chaka chino, ya wosewera kutsogolo wodziwa kutchinga kuposa onse. Florida inapeza mwayiwu chifukwa inamaliza ndi mapointi 110, Edmonton 104.

Maurice ndimamudziwa, anakhala nafe kuno ku Winnipeg Jets kuyambira 2014 mpaka anatula yekha pansi udindo mu December 2021. Waphunzitsa masewero opitirira 1,800 opanda chikho. Anafika kumapeto ndi Carolina mu 2002, anagonja. Chaka chatha ndi Florida yomweyi, Vegas inamukwapula 4-1. Akataya ichi atatsogola 3-0, dzina lake lidzakhala la nkhani imeneyi mpaka kumanda. Mtima wanga uli ku Canada koma ndikulemba Florida 3-2.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Madala mwatigulitsa.

A Mwale (Winnipeg):
Mwandifunsa kulosera, simunandifunse pemphero.

Lamulungu, 23 June 2024

Yamikani (Lilongwe):
Ndagona nazo. Funso lina. Mu mpira wamiyendo timu yaikulu ikakumana ndi yaing'ono, kawirikawiri umadziwa. Kodi mu hockey mulibe timu yoti ukaiona umangoti iyi yatenga?

Limbani (Toronto):
Ilipo pa pepala, koma ikafika April imasanduka ina. Timu yomaliza pamwamba pa onse pa masewero 82 aja imapatsidwa Presidents' Trophy. Yomaliza kutenga mphoto imeneyi n'kutenganso chikho cha Stanley chaka chomwecho inali Chicago mu 2013. Chaka chino anali Rangers, Florida yawachotsa. Chaka chatha Boston inapambana masewero 65, mapointi 135, palibe timu inachitapo zimenezo chiyambire. Inakumana ndi Florida imene inalowa mu playoffs movutikira pa malo omaliza, inatsogola 3-1, n'kugonja katatu kotsatizana. Mu 2019 Tampa Bay inapambana 62, Columbus inaichotsa 4-0 pa ndime yoyamba. Ukudziwa goloboyi wa Columbus anali ndani? Bobrovsky yemweyu. Chaka chomwecho St. Louis inali pansi pa matimu onse kumayambiriro kwa January, mu June inanyamula chikho. Los Angeles mu 2012 inalowa pa nambala 8 kumadzulo, n'kutenga.

Chifukwa chake si matsenga. Choyamba, kuyambira 2005 pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, ndiye palibe timu ingagule akatswiri onse. Kusiyana kwa nambala 1 ndi nambala 8 n'kochepa kuposa mmene mapointi amaonetsera. Chachiwiri, puck ndi kamphira kakang'ono kolimba, kamathamanga koopsa, ndipo kutsogolo kwa golo kumadzaza miyendo ndi ndodo. Zigoli zambiri za mu playoffs zimalowa katagunda bondo la munthu, nsapato, kapena ndodo ya wotchinga wako yemwe. Chachitatu ndi goloboyi. Munthu mmodzi amene satuluka pa ayezi mphindi zonse 60. Akagwira 30 pa 32 mwapambana, akagwira 27 mwagonja, ndipo palibe katswiri angakuuze m'mawa kuti lero adzuka ndi ziti. Pa masewero asanu ndi awiri timu yabwino imakhala ndi mpata wodzionetsa. Pa masewero amodzi, pakati pa matimu ofanana chonchi, zili ngati kuponya khobidi m'mwamba.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Chabwino, tikambe za magoloboyi omwewo. Bobrovsky anatulutsidwa pa masewero achinayi atamwetsedwa zisanu, analowa Stolarz. Chichokereni pamenepo sanabwerere mwakale. Pamene goloboyi wathu Skinner, mwana wa mu Edmonton momwemuno, chaka chino pa masewero a nambala 4 mpaka 7 a ndime iliyonse wasewera 10, wapambana 10. Imeneyo si nambala?

Chikondi (Calgary):
Skinner yemwe uja munamukhazika pa benchi ndi Vancouver n'kuika Pickard? Mwezi watha munkafuna kumuthamangitsa mu mzinda, lero ndi mwana wa momwemuno.

Limbani (Toronto):
Ndi nambala ndithu, ndawerenga ndipo ikukwana: ziwiri ndi Los Angeles, ziwiri ndi Vancouver, zitatu ndi Dallas, zitatu ndi Florida. Koma ndani anaganiza zoyambira pa nambala 4? Wina anaona zotsatira kaye, n'kudula pamene pakukoma. Mukayambira pa nambala 1 nkhani imasintha.

Ngati mukufuna chinthu cha Edmonton chimene ine ndimachilemekeza, si chimenecho. Ndi mmene amasewerera mnzawo akapatsidwa chilango. Yamikani, mu hockey ukalakwira mnzako umakakhala m'kabokosi mphindi ziwiri, timu yako n'kutsala anayi kulimbana ndi asanu. Nthawi imeneyi ndi imene zigoli zimalowa kwambiri. Koma Florida ikapatsidwa mwayi wotere ikungozungulira, ndipo kawiri konse Edmonton yagoletsa ili yoperewera: Janmark pa masewero achinayi, Connor Brown pa achisanu, zonse zigoli zotsegulira. Izi zakhala zikuchitika kuyambira ndime yoyamba, ndi dongosolo, si mwayi wa usiku umodzi. Vuto lake n'lakuti pa masewero otsiriza ngati awa oimbira amaumira ndi wezulo, safuna kuti chikho chigamulidwe ndi iwo. Zilango zikachepa, mphamvu imeneyi ya Edmonton imachepa, pamodzi ndi power play yawo yoopsa ija, pamene iwo ndi amene ali asanu kulimbana ndi anayi.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
A Limbani mwalankhula zambiri koma m'buku mwanga mulibe dzina lanu. Zigoli.

Limbani (Toronto):
Ndanena kale kuti sizidziwika, mayi.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Tonse tikudziwa kuti sizidziwika. Lembani.

Limbani (Toronto):
Edmonton 3-2, nthawi yoonjezera. Chimene ndingaikire kumbuyo ndi chakuti zigoli zikhala zochepa. Wopambana ndangotola.

Chikondi (Calgary):
Popeza manambala alephera, tiyeni ku zikhulupiriro. Chaka chatha Florida itapambana kum'mawa, Barkov anagwira chikho chaching'ono chija cha Prince of Wales, n'kukagonja ndi Vegas. Chaka chino anangoima pambali, manja kumbuyo, osachikhudza. Azungu amatiseka ife za kuthira mankhwala pagolo, koma iwo miyezi iwiri osameta ndevu. Ndiye pali makoswe apulasitiki amene masapota a Florida amaponya pa ayezi akapambana. Zinayamba mu nyengo ya 1995/96, Scott Mellanby atapha khoswe ndi ndodo m'chipinda chovalira, n'kukagoletsa ziwiri ndi ndodo yomweyo usiku umenewo.

Koma chachikulu ndi ichi: Corey Perry ali ku Edmonton. Bambo amene uja anafika ndime yomaliza ndi Dallas mu 2020, anagonja. Ndi Montreal mu 2021, anagonja. Ndi Tampa Bay mu 2022, anagonja. Mukanamusiya pa bwalo la ndege.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Anatenga ndi Anaheim mu 2007.

Chikondi (Calgary):
Anatenga pokwapula timu ya ku Canada. Zikomo pondithandiza.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Ine ndilembe changa: Edmonton 2-1. Sindidziwa zambiri, koma timuyi ndaiona chaka chonse chifukwa m'nyumba muno TV siisintha. Mu November inali itapambana katatu kokha pa masewero 13, anachotsa mphunzitsi Woodcroft, n'kubweretsa Knoblauch, munthu wofatsa ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Kenako anapambana 16 kotsatizana. Ndi Vancouver anali kumbuyo 3-2, anatulukamo. Ndi Dallas anali kumbuyo 2-1, anatulukamo. Anazolowera kukhala pakona. Ndipo Knoblauch ali ndi maso. Lachisanu paja Barkov atagoletsa patangopita masekondi ochepa Henrique atamwetsa chachiwiri, iye anapempha kuti aonenso pa kanema, n'kupezeka kuti panali ofusayidi ya kachala kamodzi. Chikanakhala 2-1, sindikudziwa kuti tikanakhala tikukamba zotani lero.

Limbani (Toronto):
Mayi, mwandimalizira mfundo yanga. Kachala kamodzi. Ndani akanalosera zimenezo Lachinayi?

Yamikani (Lilongwe):
Ndamva zonse. Ndaika pa Edmonton, kuphatikiza nthawi yoonjezera monga anenera madala. 5-2.

A Mwale (Winnipeg):
Ine ndinakuuza mmene kubetcha kumayendera, sindinakuuze kuti ubetche. Ikhale ndalama yoti ikapita sugona ndi njala.

Lolemba, 24 June 2024

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Buku latsekedwa. Edmonton: Bambo a Tadala 4-2, a Limbani 3-2, Yamikani 5-2, ine 2-1. Florida: Chikondi 3-1, madala a Mwale 3-2. Ena nonse mukungowerenga mwakachetechete, mawa musalankhule.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Mwamva nyimbo ya fuko la Canada mmene yamvekera m'bwalo la eni ake? A Limbani, phokoso lakwera ndege.

Chikondi (Calgary):
Verhaeghe! 1-0. Mphindi zisanu sizinakwane.

Bambo a Tadala (Edmonton):
JANMARK!!! 1-1. Mwaona mpira wa Ceci kuchokera kumbuyo? Wadutsa anthu onse.

Yamikani (Lilongwe):
Magetsi alipo, netiweki ikuvuta. Ndikungoona madontho akuthamanga. Wanga ndi uti?

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Ovala zoyera.

Chikondi (Calgary):
Reinhart. 2-1. Ndipo masekondi ochepa m'mbuyomu puck inali pakhomo pa golo ya Florida, wotchinga wawo Kulikov waikankha ali m'kati mogwa. Kuchoka pamenepo n'kukalowa mbali inayo.

A Mwale (Winnipeg):
Chigawo chachitatu chikhala chachitali. Knoblauch wayamba kubweza McDavid pa ayezi asanapume. Maurice akungomuyankha ndi anthu omwe aja.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Aaaa! Zinalowa bwanji osalowa pamenepa? McDavid, Hyman, Bobrovsky ali chigonere!

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Anyamata atopa. Miyendo yatha.

Chikondi (Calgary):
Apanikiza puck pakona mpaka nthawi yatha. Makoswe akugwa. Usiku wabwino, Edmonton.

Lachiwiri, 25 June 2024

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Zotsatira: Florida 2, Edmonton 1. Palibe amene walasa ndendende. Madala a Mwale apeza wopambana ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi, ndiye ndi iwo nambala wani. Chikondi wachiwiri. Ine zigoli ndinapeza koma zili mozondoka. Womaliza ndi Yamikani.

Yamikani (Lilongwe):
K5,000 yapita, tulo tapita, ndipo 7 koloko ndiyenera kukhala pa ntchito. Koma masewerowa ndi okoma, bola ndikanamaona kampirako.

Chikondi (Calgary):
Bambo a Tadala ali kuti? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Ndilipo achemwali, sindinathawe. Tadala wakana kupita ku sukulu, wagona ndi jezi ya 97 ya McDavid. Koma ndifunse: timu yabwino yapambana? Werengani zigoli za masewero onse asanu ndi awiri. Edmonton 23, Florida 18.

Limbani (Toronto):
Nambala zanu ndi zoona. Dzulonso Edmonton inaponya ka 24, Florida ka 21. Koma chikho sawerengera zigoli zonse pamodzi, 8-1 ndi 2-1 kulemera kwake n'kumodzi. Chimene chikundiseketsa ine ndi zimene akatswiri a pa TV ayamba kunena m'mawa uno: Florida inali ndi mtima, inaphunzira pa kugonja kwa chaka chatha, Edmonton inatopa ndi kuthamangitsa. Kulikov akanachedwa ndi theka la sekondi, kapena ija ya Hyman ikanalowa, anthu omwewa bwenzi akuti Florida inagwidwa ndi mantha ndipo McDavid ndi wosagonjetseka. Nkhani zonse ziwiri zinali zolembedwa kale, amangodikira kuti atulutse iti.

A Mwale (Winnipeg):
Pamenepo ndikutsutsa pang'ono. Si zonse zinali mwayi. McDavid anapeza mapointi anayi pa masewero achinayi, anayinso pa achisanu, koma dzulo sanapeze kalikonse. Nthawi zonse akatembenuka ankapeza Barkov kapena Forsling pamphuno. Draisaitl wamaliza ndime yonse wopanda chigoli. Zimenezo ndi ntchito ya anthu, ndipo zinanenedwa pano Loweruka.

Limbani (Toronto):
Lachisanu ku Edmonton sanapezenso pointi, madala, ndipo anapambana 5-1. Ndipo pa achisanu aja mapointi anayiwo anawapeza ku Florida komweko, Maurice ali ndi mwayi womwewo wosintha pomaliza.

A Mwale (Winnipeg):
Iwe ukafuna kutsutsa sulephera. Ine ndasangalalira Maurice basi. Ndinamuona ataima pa ayezi, chikho m'mwamba, maso atatsinzina. Barkov ndi kaputeni woyamba wochokera ku Finland kunyamula chikhochi, ndipo anapereka kwa Bobrovsky poyamba, munthu amene sabata yonse ankanenedwa kuti watha.

Yamikani (Lilongwe):
Chimodzi sindinamvetse. Kumapeto anaitana McDavid kuti alandire mphoto, anthu akukuwiza, iye osatuluka. Wogonja amalandiranso?

Limbani (Toronto):
Ndi Conn Smythe, ya wosewera bwino kuposa onse mu playoffs yonse, osati ndime yomaliza yokha. Wapeza mapointi 42: zigoli 8, ndi 34 zopatsira anzake. Pa zopatsira anzakezi Gretzky anali ndi 31 mu 1988, ndipo palibe anali atamupitirira. Wogonja womaliza kulandira anali goloboyi Giguère wa Anaheim mu 2003. Amene si goloboyi analipo mmodzi yekha m'mbuyomu, Reggie Leach wa Philadelphia mu 1976.

Chikondi (Calgary):
Koma kusatuluka kuja ndi mwano. Wapatsidwa ulemu, atuluke, alandire, abwerere. Giguère anatuluka nkhope ili gwaa, koma anatuluka.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Atuluke akamwetulire pakati pa makoswe apulasitiki, anzake akulira m'chipinda? Kaputeni amakhala ndi anthu ake. Akanatuluka inu nomwe mukanati amakonda mphoto za yekha.

Mayi a Pemphero (Edmonton):
Apa ndili mbali ya Bambo a Tadala. Pamaliro sulandirirapo satifiketi.

Chikondi (Calgary):
Mayi, palibe wamwalira, angogonja 2-1.

Bambo a Tadala (Edmonton):
Inu timu yanu sinalowe n'komwe mu playoffs, zimenezi simungazimve. Nkhawa yanga ine pano ndi Draisaitl, kontrakiti yake yatsala chaka chimodzi, ndipo kuyambira pa 1 July akhoza kusaina ina. Akamusunga, ndi Bouchard, ndi Hyman amene wamwetsa 16 mu playoffs muno, June wamawa tili pomwepanso.

Limbani (Toronto):
Mukumana ndi ndani?

Bambo a Tadala (Edmonton):
Aliyense. Ngakhale Florida yomweyo, ndiye bwino. Mayi a Pemphero, tsegulani tsamba latsopano, lembani: Edmonton 4-2.